Mitande: Tisese Pabwalo Alendo Asanafike

Munthu wochoka ku Cuamba kupita ku Lichinga ali ndi njira ziwiri. Akhoza kutsata msewu waukulu wa N13 umene umadzera pa Mandimba ndi pa Massangulo, kapena akhoza kutsata njanji imene imadzera pa Mitande. Njira zonse ziwiri zimadula maboma atatu, la Cuamba, la Mandimba ndi la Ngauma, zisanakwere kumapiri ozizira a ku Lichinga, ndipo zonse ziwiri zakonzedwa m'zaka zaposachedwapa. Njira ikakhala yabwino alendo sachedwa kubwera. Tsono nkhani imene tikufuna tikambirane patsamba lino sabata ino ndi iyi: alendowo akadzachuluka, ndani adzanene kumene adzagone, zimene adzaone, ndi kumene ndalama zawo zidzathere?

Tiyeni tiyende kaye m'derali, tione zimene tili nazo.

Tiyambire ku Cuamba, kumene Apwitikizi ankakutcha Nova Freixo. Apa ndi pamphambano. Njanji yochokera kudoko la Nacala ikafika pano imagawikana. Nthambi ina imalowera ku Entre Lagos n'kuwoloka malire pa Nayuchi kupita ku Liwonde, ndipo inalumikizidwa ndi ya ku Malawi mu 1970. Nthambi ina imakhotera kumpoto, mtunda wa makilomita 262, mpaka ku Lichinga, kumene inafika mu 1969 mzindawo ukutchedwabe Vila Cabral. Pafupi ndi tauni pali phiri la Mitucué, lamiyala ikuluikulu, limene munthu amayamba kuliona akadali kutali. M'tauni muli sukulu ya zaulimi ya Universidade Católica, muli nyumba zogona alendo, ndipo kuyambira 1998 Cuamba ili ndi khonsolo yakeyake yosankhidwa ndi anthu.

Ukatsata njanji ya kumpoto umafika pa Mitande. Boma la Mandimba lili ndi maposto awiri: la Mandimba penipeni ndi la Mitande. Mitande si malo odzitama. Pali siteshoni, msika, sukulu, chipatala chaching'ono, ndipo kuzungulira konse ndi minda ya chimanga, chinangwa, nandolo ndi fodya. Anthu ake amadziwa bwino tanthauzo la njanji, chifukwa anaiona ikufa ndipo anaiona ikuuka. Pa nthawi ya nkhondo ya zaka 16, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, njanji inawonongeka kwambiri. Ngakhale mtendere utabwera, sitima inkabwera mwa apo ndi apo, ikukwawa ngati kamba, ndipo ulendo wa ku Lichinga unkatha masiku. Mchere, sopo, palafini ndi simenti zinkafika zitakwera mtengo. Mu Novembala 2016 Pulezidenti Filipe Nyusi anatsegulanso njanjiyi itakonzedwa, ndipo sitima yonyamula anthu inayambanso kuima pa Mitande. Pambuyo pake msewu wa N13 nawo unathiridwa phula, kotero kuti makilomita pafupifupi 150 a pakati pa Cuamba ndi Mandimba, amene nthawi ya dzinja ankagonetsa magalimoto m'matope, lero chapa imawadula tsiku lomwelo.

Chuma chachikulu cha derali pa nkhani ya alendo chili kummwera, cha kumalire ndi boma la Mecanhelas. Kumeneko kuli nyanja ya Amaramba, yaitali koma yopapatiza, yozunguliridwa ndi bango ndi madambo. Madzi ake amachokera kunyanja ya Chiuta, imene ili pamalire penipeni a Malawi ndi Mozambique. Potuluka mu Amaramba madziwo amasanduka mtsinje wa Lugenda, umene msewu ndi njanji zonse zimauwoloka. Kunyanjako kuli mvuu, ng'ona, mbalame zam'madzi zamitundumitundu, ndi nsomba zimene timadya tonsefe: makumba, milamba ndi matemba. Kukacha asodzi amapalasa mabwato pakati pa bango nkhungu isanachoke pamadzi. Ife timati ndi ntchito, koma pali anthu a kutali amene amalipira ndalama kuti angoona zimenezi.

Amene akukayika atsate Lugenda yemweyu kumene akupita. Kumunsi kwake, asanakathire mu Rovuma, amadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Niassa, yokula makilomita 42,000 m'bwalo lake lonse, kumene alendo a kunja akhala akulipira madola kuti aone njovu, mikango ndi njati. Mtsinje umene umakometsa nkhalango imeneyo umabadwira kwathu kuno.

Tibwerere kumsewu. Tauni ya Mandimba ndi khomo la chigawo chathu. Makilomita owerengeka kuchokera pamsika pali chipata cha malire, ndipo kutsidya kwake ndi Chiponde, njira ya ku Namwera ndi ku Mangochi. Ambiri mwa inu munawoloka malire amenewa muli ndi mitolo pamutu pothawa nkhondo, n'kuwawolokanso pobwerera kwanu cha mu 1993 ndi 1994. Lero amawoloka ndi a njinga za kabaza, amalonda, madalaivala a malole ndi anthu opita kumaliro ndi kuzikwati. Mandimba inalandira khonsolo yakeyake mu 2013.

Ukapitirira kumpoto umalowa m'boma la Ngauma, kwa Ayao, ndipo msewu umayamba kukwera. Likulu la bomali ndi Massangulo, patsinde pa phiri. Pamenepa ansembe a Consolata, motsogozedwa ndi Bambo Pietro Calandri, anakhazikitsa mishoni mu 1928 pakati pa anthu amene ambiri ndi Asilamu. Tchalitchi chachikulu cha njerwa chikadalipo, ndipo sukulu za pamishonipo zinaphunzitsa ana ambiri a ku Niassa kuwerenga, ukalipentala ndi ntchito zina zamanja. Akhristu amapitako kukapemphera, ena amapitako kukaona kumene makolo awo anaphunzira.

Ndiye taonani: nyanja ilipo, mtsinje ulipo, mapiri alipo, mbiri ilipo, njanji, msewu ndi chipata cha malire zilipo. Chimene chatsala ndi kugwirizana za m'mene tidzalandirire alendo popanda kutaya zimene zimatidyetsa.

Mlendo wake uti?

Tikamva mawu oti ntchito zokopa alendo, ambiri timaganiza za mzungu wa kamera pakhosi. Ameneyo adzabwera, koma si iye woyamba. Mlendo amene tili naye kale ndi Mmalawi wodzagula nyemba pamsika wa Mandimba, mphunzitsi wochoka ku Nampula kupita ku Lichinga, dalaivala amene dzuwa lamulowera panjira, gulu la mpingo lopita ku Massangulo, ndi mwana wobadwira kumsasa wa othawa nkhondo amene akufuna kuona mudzi wa agogo ake. Anthu amenewa safuna hotela ya magalasi. Amafuna madzi abwino, chimbudzi chaukhondo, chipinda chokhala ndi neti, nsima yotentha, ndi kuyenda popanda kuvutitsidwa panjira. Ndalama zawo ndi zochepa, koma zimagwera m'manja mwa mayi wogulitsa nthochi pasiteshoni ya Mitande tsiku lomwelo. Ndondomeko iliyonse imene boma lingalembe iyambire pa mlendo ameneyu.

Ndani ali ndi mphamvu yanji?

Nkhani ya alendo ili ndi eni ake ambiri, ndipo ndi bwino aliyense adziwe khomo loyenera kugogoda. Ku Maputo ndi kumene kumapangidwa malamulo: lamulo la zokopa alendo linatuluka mu 2004, ndipo mu 2023 boma linachotsa viza kwa alendo ochokera m'mayiko 29. Ku Lichinga kuli boma la chigawo ndi nyumba ya malamulo ya chigawo. Pachisankho cha 2019 mavoti athu ndi amene anatipatsa bwanamkubwa kwa nthawi yoyamba. Chigawo ndi chimene chingagwirizanitse maboma, chifukwa nyanja ya Amaramba sidziwa kuti apa ndi Mandimba, apa ndi Mecanhelas, ndipo mlendo wotsika sitima pa Mitande sayang'ana malire a maposto.

Pansi pa chigawo pali boma ndi a administradori, kenaka mkulu wa posto, kenaka mkulu wa lokalidade. Lamulo la mu 2003 la maofesi a boma a m'madera linatsegula njira yoti pakhale mabungwe a upo, amene timawadziwa kuti Conselho Consultivo, kuyambira kumudzi mpaka kuboma. Mafumu athu nawo boma linawazindikira mwalamulo mu 2000. Khonsolo za Cuamba ndi Mandimba zimayang'anira misika, zinyalala, zimbudzi ndi malo omangapo m'tauni, koma mphamvu yawo imathera pamalire a tauni. Mitande, magombe a Amaramba ndi midzi ya ku Ngauma zili m'manja mwa boma ndi posto. Choncho munthu wa ku Mitande akafuna kuti mawu ake amveke, khomo lake ndi bungwe la upo la posto.

Mabungwe a upowa ambiri timawakumbukira chifukwa cha ndalama zija za mamiliyoni asanu ndi awiri zimene boma la Pulezidenti Armando Guebuza linayamba kutumiza kuboma lililonse mu 2006. Nthawi imeneyo misonkhano inkadzaza, chifukwa panali ngongole yoti anthu agawane. Koma ntchito yeniyeni ya upo ndi kukambirana za m'mene boma lathu likhalire zaka zikubwerazi, ndi kuona kuti zofuna za midzi zalowa m'pulani ya chitukuko ya boma. Chimene sichinalembedwe m'pulani sichipeza ndalama.

Malo ndiye mutu wa nkhani

Akuluakulu amakumbukira zimene makolo awo ankasimba za Companhia do Niassa. Mu 1891 boma la Apwitikizi linapereka dziko lonse lino, kuchokera kunyanja ya mchere mpaka kunyanja ya Niassa, kwa kampani imodzi, popanda kufunsa mfumu kapena mlimi. Kampaniyo inakhometsa msonkho wa nyumba ndi kugwiritsa anthu thangata mpaka 1929, ndipo mabanja ambiri anathawira ku Nyasaland. Posachedwapa, cha m'ma 2010, kunabuka mikangano m'maboma ena a chigawo chino pakati pa midzi ndi makampani obzala bulugama ndi paini, anthu akudandaula kuti minda yawo inapita asanamvetse zimene anavomera. Madzi akatayika saoleka.

Lamulo la malo la mu 1997 linabwera kudzatseka mpata umenewu. Linati malo ndi a Boma, sagulitsidwa. Linatinso mudzi umene wakhala pamalo mwa chikhalidwe chake uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale ulibe pepala, ndipo umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo ndi wokwanira. Munthu wofuna malo omangapo nyumba ya alendo ayenera kupempha chikalata cha DUAT, ndipo chisanaperekedwe anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa. Kuyambira 2011 kufunsako kunaikidwa kuti kuzichitika pamisonkhano iwiri: woyamba wofotokoza, wachiwiri woti anthu ayankhe atapeza nthawi yoganiza. Zonse zogwirizana zimalembedwa m'chikalata cha msonkhano, chimene Apwitikizi amati acta, ndipo oimira mudzi amasaina.

Abale anga, pepala limeneli ndi lamtengo wapatali kuposa mbuzi ndi zakumwa zimene wofuna maloyo angabweretse patsikulo. Ngati walonjeza mjigo, ulembedwe, ndi chaka chake. Ngati walonjeza ntchito, zilembedwe kuti ndi zingati, ndi kuti atsikana ndi amayi adzapezamo zingati. Njira ya kudooko, malo oyanika nsomba, pochapira, pomwetsa ziweto, manda ndi mitengo ya makolo zitchulidwe mayina kuti sizidzatsekedwa ndi mpanda. Kope limodzi likhale kwa mfumu, lina kuposto. Safunsa anadya phula.

Lamulo lomwelo lili ndi mfundo ina imene ife a m'malire tiyenera kuidziwa. Pali malo ena otetezedwa amene munthu sangatengerepo DUAT, koma chilolezo chapadera basi: mamita 50 mbali iliyonse ya njanji, mamita 30 m'mbali mwa msewu waukulu, ndi makilomita awiri kutsata malire a dziko. Tsono wina akabwera ndi kunena kuti wagula malo pasiteshoni ya Mitande kapena pafupi ndi chipata cha Mandimba, mufunseni pepala lake, ndipo mukafunsenso kuboma.

Zimene anzathu anaona

Sitikuyamba ife. Ku Tete, pa Bawa m'boma la Mágoè, ntchito ya Tchuma Tchato inayamba cha mu 1994. Dzinalo tonse tikulimva: chuma chathu. Ndalama zimene alenje a kunja ankalipira zinayamba kugawidwa pakati pa Boma, boma la deralo ndi midzi. Kuno ku Niassa, m'boma la Sanga, kuli Chipanje Chetu, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi cholinga chofanana. M'boma la Lago, pafupi ndi Cóbuè, nyumba ya alendo ya Nkwichi inagwirizana ndi midzi yozungulira kudzera m'bungwe la Manda Wilderness, ndipo anathandizana pomanga masukulu.

Kuyambira 2005 pali dongosolo loti magawo 20 pa 100 alionse a ndalama zimene Boma limatolera kwa odula matabwa ndi osaka nyama azibwerera kumidzi ya kumene zinthuzo zachokera. Koma ndalamazi sizibwera zokha. Mudzi uyenera kukhala ndi komiti ya anthu osachepera khumi, amuna ndi akazi, yolembetsedwa kuboma, ndiponso buku la kubanki. Midzi yambiri yachedwa kulandira chifukwa chosowa zimenezi, ndipo apa ndi pamene boma ndi posto ziyenera kuthandiza: zitupa, kulembetsa, ndi kuphunzitsa kasungidwe ka ndalama. Dziwaninso kuti dongosololi ndi la nkhalango ndi nyama. Nyumba ya alendo yomangidwa pagombe wamba siligwera m'menemo, ndipo chimene mudzi udzapeze ndi chokhacho chimene unalembetsa pamsonkhano uja.

Phunziro lina lili pafupi kwambiri, tsidya la Malawi la nyanja ya Chiuta. Cha mu 1995 asodzi a kumeneko, ataona kuti makoka a nkacha akukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, anapanga makomiti a pagombe n'kuthamangitsa makokawo, boma lawo n'kubwera pambuyo kudzavomereza. Vuto linatsala ndi loti nyanja ndi imodzi koma malamulo ndi awiri, ndipo nsomba ilibe chitupa. Nkhani yotere mfumu payokha singaithe. Imafuna kuti maboma a Mandimba ndi Mecanhelas akhale pansi ndi a ku Machinga, ndipo chigawo chiwatsegulire njira. Nyanja ikatha nsomba, mbalame zimachoka, ndipo mlendo alibenso choti adzaone. Kusunga nyanja chifukwa cha mphika wathu ndi kusunga nyanja chifukwa cha alendo ndi ntchito imodzi.

Tisataye khasu

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka malire ndipo nyumba za alendo zinakhala zopanda munthu miyezi yambiri. Mu Epulo 2025 zigawenga zinaukira misasa m'nkhalango ya Niassa, anthu anafa, ndipo ntchito zinaima. Mudzi umene ungapereke dimba lake ndi dooko lake poyembekezera alendo okha udzagona ndi njala chaka chimene alendowo sadzabwera. Ntchito ya alendo ikhale ndiwo yoonjezera pambale, nsima ikhalebe munda ndi nyanja.

Walira mvula walira matope. Kumene kumaima malole ndi alendo ambiri kumabweranso matenda, atsikana osiya sukulu, mitengo yotha ndi makala, ndi mapepala apulasitiki m'ngalande. Zimenezi zikambidwe poyera pamene pulani ikulembedwa, a chipatala, aphunzitsi, mashehe ndi abusa ali pomwepo.

Zoti tikapemphe kuupo

Pomaliza, nazi mfundo zimene oimira midzi angapite nazo kumsonkhano wa posto ndi wa boma. Choyamba, mudzi uliwonse wa m'mbali mwa Amaramba ndi Lugenda upemphe kuti malire a malo ake ayendedwe ndi kulembedwa wofuna malo asanabwere. Chachiwiri, boma lisonyeze pamapu, anthu akuona, kumene kungamangidwe nyumba za alendo ndi kumene sikungamangidwe. Chachitatu, pasiteshoni ya Mitande, pamsika wa Mandimba ndi pa Massangulo pakhale madzi, zimbudzi ndi malo aukhondo ogulitsirapo chakudya, ndipo ndalama za tikiti ya pamsika zioneke ntchito yake. Chachinayi, misewu ing'onoing'ono yopita kunyanja ikonzedwe, chifukwa msewu umene udzabweretse mlendo ndi womwewo umene udzatulutse nsomba ndi kunyamula mayi wodwala. Chachisanu, achinyamata amene amayankhula Chiyao, Chimakua, Chinyanja ndi Chipwitikizi, ena ndi Chingerezi chimene anaphunzira ku Malawi, aphunzitsidwe kuperekeza alendo ndi kufotokoza mbiri ya kwawo, kuti ntchitoyo isadzapite kwa anthu a kutali. Chachisanu ndi chimodzi, maboma a Cuamba, Mandimba ndi Ngauma akhale ndi ndondomeko imodzi, kuti mlendo wotsika ku Cuamba adziwe kuti kutsogolo kuli Mitande, Amaramba ndi Massangulo, m'malo mongodutsa ali mtulo.

Palibe mfundo pamenepa imene ikufuna ndalama za kunja kuti iyambe. Zikufuna kuti mfumu iitane anthu, mlembi alembe, ndipo woimira mudzi akafike kumsonkhano ndi pepala m'manja, akabwereko ndi yankho. Mutu umodzi susenza denga. Inu a ku Mitande, a ku Mississi, a ku Itepela ndi a m'magombe a Amaramba, funsani mkulu wa lokalidade yanu tsiku la msonkhano wa upo ukubwerawu, ndipo mutilembere patsamba lino zimene mwagwirizana.